Munthu wa Febuluwale

Muli bwanji nonse, abale anga? Amene mwakhala padzuwa apo sunthirani kuno, mthunzi wa mtengo wa msikidziwu sulipiritsa. Abusa andipatsa mphindi zochepa, koma ine ndi wotchi sitinagwirizanepo chibadwire, ndiye mundipirire.

Ndine Sakala, atate ake Enelesi. Ena mwa inu mumandidziwa ndi dzina lina, lija munkandiitanira kubala, Bwana Okutobala. Musaseke mobisa, sekani poyera, ndinali ine ndithu. Ndapempha kuti ndiyankhule lero, osati mwezi wina, chifukwa makampu akutsekedwa masiku omwe ano ndipo m'matumba mwanu mukutentha. Ndikuona nsapato zatsopano pa benchi lachiwiri apo. Zakukhala, m'bale wanga. Ine zanga zinali zofiira.

Ntchito yanga inali ya kukampu ya m'tchire, mkati mwa paki ya nyama zakutchire. Amene simunagwireko, imayenda chonchi. Mvula ikatha, mu Meyi, timalowa ndi nkhwangwa ndi zikwakwa. Pamalopo pamakhala palibe kanthu, matope ouma ndi mapazi a mvuu basi. Timamweta udzu, timaluka bango, timaimika nsichi, ndipo posakhalitsa pali nyumba, pali bafa, pali bedi la nsalu zoyera mbee. Alendo amabwera pa ndege. Mu Novembala, mitambo ikayamba kuda, timagwetsa zonse, mtsinje n'kubwera kudzagona pamene pankagona alendo.

Ine tikamaliza kumanga ndinkavala yunifomu, n'kukhala woyala mabedi ndi wotenthetsa madzi osamba. Ndinkaikonda ntchito ija, ndisaname. Masana alendo akagona, tchire lonse limangoti zii, kumangomveka njiwa. Ndinkakhala kuseri kwa khitchini, ndikuyang'ana mchenga wa mtsinje wa Luangwa ukuvina ndi kutentha, ndiye ndinkayamba kumanga m'mutu. Nyumba ya malata, khonde mbali zonse. Golosale pamsewu wa ku Mambwe, dzina langa litalembedwa pamwamba pa chitseko. Mkazi wanga, amake Enelesi, atakhala pa sofa, mapazi ali pa kapeti. Ndinkaimanga nyumba ija mpaka ndinkamva fungo la penti. Komanso kumeneko kunali ayezi, abale, madzi oundana pakati pa tchire mu Okutobala! Ukamaona zimenezo tsiku ndi tsiku umayamba kukhulupirira kuti njala ndi nkhani ya anthu ena.

Ndipo musaganize kuti sindinkasunga. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Ndinamva pa wailesi bambo wina wa mawu osalala akunena kuti munthu wanzeru amaika pambali teni peresenti, kwacha imodzi pa makwacha khumi alionse. Ndinati eya, zosavuta izi. Malipiro akabwera, matipu amene alendo amatisiyira akagawidwa, ndinkasiya teni peresenti mufoni, n'kumayenda chifuwa patsogolo ngati ndagula banki. Anzanga ndinkachita kuwalalikira. Chimene sindinafunse n'chakuti bambo wa pa wailesi uja amalandira miyezi ingati pachaka. Iye, monga anzathu a m'maofesi ku Mambwe, amalandira Januwale mpaka Disembala. Ife timalandira hafu ya chaka, koma mimba sitseka sizoni.

Zina zonse ndinkadya. Kampu ikangotsekedwa ndinkakwera basi ya ku Chipata, kubwerako ndi sipika yaikulu ngati mwana wa mvuu, nsapato zofiira zija, foni ina pamwamba pa foni. Kubala ndikangolowa, tebulo linkadzaza lokha. "Bwana Okutobala wafika!" Ndinkagulira ndi anthu osawadziwa dzina. Khirisimasi ikamadutsa, teni peresenti ija yapita nayo, poti foni imalowa nawe kubala. Januwale sipika yagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Kenako nsapato. Kenako matiresi. Mowa wa m'botolo wasanduka kachasu wa ngongole. Meyi akafika ndinkalowanso m'tchire wowonda ngati bango, n'kuyambiranso kumanga nyumba ya m'mutu ija. Chaka ndi chaka chimodzimodzi.

Amake Enelesi si munthu wochuluka mawu. Kamunda kathu ankalima okha, njovu ankapirikitsa okha, ine ankangondiyang'ana chabe. Chaka china ndinagula malata, oyamba a nyumba ya m'maloto ija. Anawasisita ndi dzanja ngati akusisita mwana. Febuluwale wotsatira ndinawamanga pa njinga kukagulitsa, iwo ali kumunda. Atabwerako anaima pamene panali malatawo, pangotsala udzu wachikasu wosaona dzuwa. Anati, "Atate ake Enelesi, ine ndinakwatiwa ndi amuna awiri. Wa Okutobala sandifuna, wa Febuluwale sindimufuna."

Ndinapsa mtima. Wolakwa ndiye amakalipa kwambiri. Ndinati ndikuonetsani kuti ndine mwamuna, m'nyumba muno mudya nyama. Ndinatenga waya amene ndinatola kukampu n'kupita kukatchera misampha. Ine, amene hafu ya chaka ndinkadya chifukwa cha nyama zamoyo! Nswala inakodwa. Ndili mkati mosenda, dzuwa lili paliwombo, ndinamva, "Sakala, ika mpeni pansi." Anali masikauti a m'mudzi oteteza nyama, ndipo amene anandimanga manja tinkakhala desiki limodzi kusukulu. Sanandiyang'ane kumaso.

Za ndende sindinena zambiri. Nsabwe, nyemba zofumbwa, kugona chammbali chifukwa malo palibe. Ntchito inathera pomwepo. Ndili mkati momwemo unandipeza uthenga wakuti alamu anga a Mwale, achimwene awo a amake Enelesi, abwera kudzatenga mlongo wawo ndi ana onse atatu, apita nawo kwawo kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Mukudziwa kwathu kuno, ana ndi a kuchikazi. Malume akanena kuti walephera, walephera basi. Ndinalira, abale, pamaso pa mbava ndi zigawenga, osachita manyazi. Ndende sinandipweteke ngati uthenga umenewo.

Ndinatuluka kukutentha, sizoni ili kumapeto. Nyumba ndinaipeza chiswe chikuchitiramo misonkhano. Kapitawo wathu wakale, a Tembo, anandimvera chisoni. Anati, "Za yunifomu iwala. Koma tikugwetsa kampu, bwera udzagwire ganyu."

Tsiku limenelo ndilinena pang'onopang'ono. Kunali kutentha kuja kumene ndi ntchentche zomwe zimafuna mthunzi. Nyumba zonse tinali titagwetsa, tikumanga nsanja yokwezapo mabedi ndi nsichi kuti madzi asadzazitenge. Pamalopo pali mtengo wa mchenja umene pathunthu pake pali mzere wa matope, posonyeza pamene mtsinje umafika ukasefukira. Ndinauza anzanga kuti nsanja ipitirire mzere umenewo. A Tembo anaseka. "Iwe Sakala, mabedi a eni ake umadziwa powakweza. Lako unalikweza pati?" Onse anafa nacho chiseko, nanenso ndinaseka nawo.

Nthawi yopuma ndinakagona pansi pa mtengo womwewo, chipewa kumaso. Kaya ndinagona tulo kaya ayi, sindikudziwa. Nyenje zinalira mpaka ndinasiya kuzimva. Ndinaona mchenga wa mtsinje, woyera, wautali, ukugwedezeka. Kutali kunatulukira kanthu kakuda. Kankabwera osafulumira, kumasowa m'kutentha muja n'kumaonekanso, mpaka ndinaona kuti ndi munthu. Anali wonyowa, madzi akuchucha m'zovala, pamene kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Kuphazi kopanda nsapato, matope mpaka m'maondo. Shati imene anavala ndinaidziwa, inali yanga ya mizeremizere, yong'ambika paphewa. Anafika n'kunjuta pafupi nane, monga amachitira munthu wodzapempha, ndipo pansi pa mtengo ponse panamveka fungo la mvula.

Anati, "Wandidziwa?"

Ndinati, "Nkhopeyo ndaidziwa."

"Ndine iwe wa Febuluwale. Ndabwera kudzatenga malipiro anga."

Ndinati, "Malipiro ati? Iwe sugwira ntchito. Umangokhala pakhonde kuyang'ana mvula."

Sanakwiye. Anatambasula manja n'kunena kuti, "Manja amene amamweta udzu ndi awa. Msana ndi womwewu. Tinalembedwa ntchito awiri, koma tsiku la malipiro umapita wekha. Umandisiyira kwacha imodzi pa khumi, nayonso umabwera kudzaibwereka pa Khirisimasi. Ndiye ana akalira amalirira ine. Mkazi akadandaula amadandaulira ine. Kundende ndinapita ndine. Iwe unali kuti?"

Ndinangofunsa kuti, "Ukufuna zingati?"

Anati, "Miyezi yako ndi ingati? Yanga ndi ingati? Gawa wekha."

Anaimirira n'kubwerera pamchenga paja, mapazi ake onyowa akuuma m'mbuyo mwake, limodzi limodzi. Ndinadzidzimuka a Tembo akundigwedeza ndi phazi kuti tiyambenso ntchito. Kaya anali Mulungu, kaya dzuwa linandiphika ubongo, abusa adzatiuza. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinadzuka ndi manyazi amene sindinawamvepo, manyazi a munthu amene wakhala akubera mnzake wa pantchito.

Ganyu itatha ndinagula shuga ndi sopo, n'kuwoloka Lupande kukapepesa. Nthawi imeneyo mtsinje unali mchenga wokhawokha. Alamu a Mwale anandikhazika pa mpando wothyoka mwendo, dala. Ndinayankhula bwino, pakamwa panga mukupadziwa. Ndinafotokoza ndi za maloto zomwe. A Mwale anati, "Alamu, maloto inu simunayambe mwawasowapo." Amake Enelesi anali chapatali akusankha mpunga. Osadzutsa mutu anati, "Mwezi uno mwamuna aliyense ndi wabwino. Sopoyo siyani, ana achapira. Ine ndidzakuonani mu Febuluwale." Sananene wa chaka chiti.

Febuluwale woyambayo ndinalibe kanthu, ndinapulumukira maganyu opalira ndi maungu a anthu achifundo. Meyi atafika a Tembo ananditenganso, osati wa mabedi, koma womanga ndi wotema nkhuni, malipiro ochepa, matipu a apo ndi apo. Ndinayambira pamenepo. Manje tcherani khutu, chifukwa maloto anga sakuthandizani, zokuthandizani ndi izi.

Ndalama iliyonse ikafika m'manja, tsiku lomwelo, ndisanagule ndi fodya yemwe, ndimaidula pakati. Hafu. Ndikuona nkhope zanu, mukuti bambo uyu ndende inamusokoneza mutu. Werengani nokha miyezi imene mumalandira ndi miyezi imene mumadya. Ngati amayi kunyumba ali ndi kabizinesi koyenda chaka chonse, kapena munda wanu njovu zimaulambalala, mutha kutsitsako. Ine ndinalibe zimenezo.

Ndiye uiika kuti hafuyo? Abale athu a kumtunda amagula ng'ombe, ndalama yawo imadya udzu n'kumabereka. Kuno kashembe, ntchentche yopha ng'ombe ija, sangalole. Nkhokwe ya panja ndiye kuitanira njovu kuphwando. Za mufoni ndakuuzani kale. Ine ndinagula migolo iwiri yachitsulo n'kuiika kuchipinda. Mu Juni ndi Julayi, chimanga chikatchipa, ndinkatumiza ndalama kwa mlongo wanga kuti agule, athire mankhwala a anankafumbwe, atseke. Chimanga sungalowe nacho kubala m'thumba la thalauza. Kuti ukagulitse uyenera kusenza, mudzi wonse ukukuona. Yotsala ndinkaponya ku gulu losunga ndalama la amayi a pampingo pano, limene limagawana mu Januwale. Amayi amenewa mukuwadziwa, ngakhale ulire magazi sakupatsa tsiku lisanakwane. Ndinapitako ndi nkhani zomvetsa chisoni kwabasi. Anandipatsa madzi akumwa.

Sizinayende mosalala ayi. Mu Ogasiti, ndili pa ofu, masiku opuma aja, ndinagwa. Ndinamwa hafu yangayanga yonse, n'kukhala wopanda ndi ya sopo yomwe mpaka mwezi kutha. Koma ya mnzanga wa Febuluwale uja sindinaikhudze, poti inali kale mumgolo. Maliro a malume anga anadyanso gawo lina, maliro sungawakane. Anzanga akale ankandikuwiza panjira, "Bwana Okutobala dzanja lauma!" Ndinasiya kudutsa pabala, ndinkazungulira njira ya kudimba ngakhale ndi yaitali. Ngati mukudziwa kuti miyendo yanu imakhota yokha ikafika pamalo ena, musaiyese, ipatseni njira ina.

Febuluwale wachiwiri anafika. Ndinafolera denga, ndinagula matiresi, ndinasesa pabwalo. M'mawa uliwonse ndinkapita kudooko kukaona bwato likuwoloka, madzi ofiira akunyamula mitengo yathunthu. Ankatsika amayi a nsomba, aphunzitsi, anthu opita kuchipatala. Amake Enelesi ayi. Mwezi wonse unatha choncho. Abale, ndinakwiya! Ndinaima patsogolo pa migolo ija n'kunena kuti lero ndikugulitsani, ndimwe mpaka ndiiwale dzina langa. Ndavutikira ndani? Kenako ndinakhala pansi. Mvula inkagwa padenga losadontha. M'mimba munali chakudya, mwezi umene ndinazolowera kumwa madzi n'kugona. Ndinazindikira kuti munthu wa Febuluwale uja walandira malipiro ake koyamba, ndipo kumulanda sindikanatha. Koma mtima unkawawabe. Kukhuta wekha m'nyumba ya ana atatu n'kowawa.

Ndinabwereza chaka chachiwiri, chimodzimodzi, hafu ndi hafu. Chaka chimenecho njovu zinavuta kutsidya kuja, munda wa alamu anga zinaupondaponda chimanga chili pafupi kuuma. Nditamva ndinatuma munthu kuti ndithandizeko. A Mwale anabweza mawu akuti iwo sadya za mkaidi.

Febuluwale wachitatuyo kudooko sindinapiteko, ndinali nditatopa nako kuyang'ana bwato. Tsiku lina masana, mvula itangokata, nthaka ikufuka nthunzi, ndinali pakhonde ndikukonza tcheni cha njinga. Ndinaona munthu akubwera m'kanjira ka pakati pa chimanga, masamba akumubisa n'kumamuonetsa. Ndinayesa ndikulota. Anali amake Enelesi. Anali atawonda, khosi litatalika. Anaima pabwalo ngati mlendo.

"Mwaswera bwanji, atate ake Enelesi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

Nthawi yonseyo ndinkakonza mawu a tsiku limeneli, ena okoma, ena obaya. Onse anathawa.

Anatulutsa thumba lopinda m'chitenje. Anati, "Musaganize kuti ndabwera kudzayendera. Ndabwera kudzapempha. Ana dzulo agonera masamba. Achimwene sakudziwa kuti ndili kuno." Chikwatirane anali asanandipemphepo kanthu.

Ndinawatsogolera kuchipinda n'kutsegula mgolo. Anasuzumira. Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, mwina kuti aone ngati pansi ndathira mchenga, poti amandidziwa. Wachiwiri anatsegula okha. Anakhala nthawi yaitali dzanja lili m'chimanga.

"Mwabwereka kwa ndani?"

"Sindinabwereke."

"Mwaba?"

"Ayi. Ndi hafu ya thukuta langa."

Ndinadzaza thumba lija mpaka kukamwa. Akumanga, maso ali pansi, anafunsa kuti adzabweze liti. Ndinati munthu sabweza zake.

Ndinakweza thumba pa njinga n'kuwaperekeza kudooko. Sindinawapemphe kuti atsale. Ndinkafuna, lilime linkachita kuyabwa, koma ndinaona kuti ndikatero chimanga chija chisanduka nyambo, ndipo ine za misampha ndinathana nazo. Tinayenda matope akugwira matayala. Pamtsinje mwini bwato anabwera kuti anyamule thumba. Amake Enelesi anaika dzanja pamwamba pake. Anayang'ana madzi, anayang'ana thumba, kenako anayang'ana ine, kumapazi, osati kumaso.

Anati, "Bwatoli ndi laling'ono, ndipo chimanga chikanyowa chiwola. Bwererani nalo thumbali, mudutsire kuchigayo. Ana ndi opepuka. Ndikukawatenga, tifika dzuwa lisanalowe."

Ndinatembenuza njinga. Ndinaikankha mpaka kuchigayo ndikulira mokweza, bambo wamkulu wandevu, anthu panjira akuima kundifunsa kuti wamwalira ndani.